Liwiro la netiweki ndi data yeniyeni

Liwiro la netiweki ndi muyeso wa kuchuluka kwa ma bit amene njira yolumikizirana, kaya ndi mafunde a wailesi kaya nthambo, ingathe kunyamula pa sekondi imodzi. Data yeniyeni ndi gawo la ma bit amenewo lomwe limafika kwa munthu ngati mawu, chithunzi, kanema kapena fayilo. Nambala ziwirizi sizilingana, ndipo yoyamba nthawi zonse imakhala yaikulu kuposa yachiwiri. Mlimi wa mtedza wa ku Nsaru amakudziwa kale kusiyana kotereku: thumba la mtedza wamakoko ukalisenda silidzazanso thumba. Pa netiweki, makokowo ndi ma bit owonjezera amene makina amagwiritsa ntchito pozindikirana, polemba adiresi ndi pokonza zolakwika zochitika panjira.

Nkhaniyi imakhudza thumba la munthu chifukwa makampani a mafoni amalengeza liwiro mu Mbps koma amagulitsa bandulo mu MB ndi GB. M'madera a kumidzi a boma la Lilongwe, monga Namitete ndi Mpingu pa msewu wa M12 wopita ku Mchinji, komanso Nsaru ndi Kabudula, anthu ambiri amapeza intaneti kudzera pa foni yam'manja, pa netiweki ya Airtel kapena ya TNM. Wophunzira amene akufuna kudziwa ngati bandulo yake ikwanira, kapena kuti adikira nthawi yaitali bwanji kuti fayilo itsike, akuchita masamu osintha liwiro kukhala data, ngakhale iye asawatchule choncho.

Bit, byte ndi baud

Bit ndi kachidutswa kochepetsetsa ka uthenga wa pa kompyuta, ndipo kamakhala 0 kapena 1. Ma bit 8 amapanga byte imodzi. Polemba, b yaing'ono imaimira bit ndipo B yaikulu imaimira byte. Choncho 8 Mbps ndi ma bit 8 miliyoni pa sekondi, zomwe ndi ma byte 1 miliyoni, kapena kuti 1 MB, pa sekondi. Kugawa ndi 8 ndiye sitepe yoyamba, ndipo anthu ambiri amaimira pomwepo. Amisiri akale, a nthawi ya ma modem olumikiza pa nthambo ya lamya, ankagawa ndi 10, chifukwa byte iliyonse inkapita ndi bit imodzi yotsegulira ndi ina yotsekera. Makina a masiku ano sagwira ntchito mwa njira imeneyo, koma kugawa ndi 10 kumaperekabe yankho loyandikira zoona kusiyana ndi kugawa ndi 8.

Pansi pa bit pali muyeso wina wotchedwa baud, womwe dzina lake lidachokera kwa Émile Baudot, katswiri wa telegalafu wa ku France. Mafunde a wailesi sanyamula manambala ngati manambala. Amasinthasintha kukula ndi kayendedwe kawo, ndipo kusintha kulikonse kumatchedwa chizindikiro. Baud ndi kuchuluka kwa zizindikiro pa sekondi. Chizindikiro chimodzi chikhoza kuimira bit imodzi yokha kapena ma bit angapo. Ngati makina otumiza ali ndi maonekedwe 4 a mafunde oti asankhepo, chizindikiro chilichonse chimanyamula ma bit 2. Akakhala 8 chimanyamula ma bit 3, akakhala 64 chimanyamula ma bit 6. Liwiro la ma bit limapezeka pochulukitsa baud ndi ma bit a m'chizindikiro chimodzi.

Maonekedwe akachuluka amayamba kufanana kwambiri, ndipo foni imafuna mafunde amphamvu kuti iwasiyanitse. Mu 1948, Claude Shannon adasonyeza kuti njira iliyonse ili ndi malire a zimene inganyamule popanda kulakwitsa, ndipo malirewo amadalira zinthu ziwiri: kukula kwa mpata wa mafunde, ndi mphamvu ya mafundewo poyerekeza ndi phokoso lowasokoneza. Munthu akatuluka m'nyumba ya njerwa zootcha yofolera malata n'kukaima pachulu kuti netiweki igwire, akuwonjezera chinthu chachiwiricho.

Zimene zimatsala mumlengalenga

Chitsanzo chomveka bwino ndi GSM, netiweki yomwe pa foni imalembedwa 2G. Ndi imene TNM idayamba nayo mu 1995, ndipo Celtel, yomwe idadzatchedwa Zain kenako Airtel mu 2010, idabwera nayo mu 1999. Mafoni a mabatani amene ali ochuluka m'midzi amaigwiritsabe ntchito.

Njira imodzi ya GSM imatenga mpata wa 200 kHz ndipo imatumiza ma bit pafupifupi 270,833 pa sekondi, bit imodzi pa chizindikiro chilichonse. Liwiroli si la munthu mmodzi. Limagawidwa m'mipata 8 ya nthawi, ndipo foni iliyonse imalankhula mumpata wake n'kukhala chete kudikira kuti ena asanu ndi awiri adutse. Munthu mmodzi amatsala ndi ma bit pafupifupi 33,850 pa sekondi. Mumpata umodzi muli malo a ma bit 156.25, koma onyamula uthenga ndi 114 okha. Ma bit 26 ali pakati ndi odziwika kale kwa foni ndi nsanja yomwe, ndipo ntchito yawo ndi kuyesera mmene mafunde apotokera panjira. Ma bit 6 amakhala kumapeto, atatu uku atatu uku, ma bit 2 amasonyeza mtundu wa uthenga, ndipo malo a ma bit 8.25 amasiyidwa opanda kanthu kuti foni yakutali isalankhule pamwamba pa inzake. Pa maulendo 26 alionse, 24 okha ndi amene amanyamula mawu. Zikachotsedwa zonsezi pamatsala ma bit 22,800 pa sekondi.

Ngakhale amenewa si mawu onse. Foni imadula mawu a munthu m'zidutswa za mamilisekondi 20, chidutswa chilichonse chili ndi ma bit 260, kenako imawonjezera ma bit oteteza mpaka afike 456. Owonjezerawo amathandiza nsanja kubwezeretsa uthenga ngakhale ma bit ena atawonongeka. Mawu enieni ndi ma bit 13,000 pa sekondi. Kuchokera pa 33,850 kufika pa 13,000, chotsala sichikwana ndi magawo 40 pa 100 alionse. Kumeneku si kuwononga, chifukwa popanda makoko amenewa mawu sakanamveka pa mtunda wa makilomita angapo. Dongosolo lomwelo la mipata ndi limene limaika malire akuti foni ya GSM isatalikire nsanja kuposa makilomita 35.

Chilembo E chikaoneka pamwamba pa foni, ndiye kuti foniyo ili pa EDGE, yomwe ndi GSM yomweyo yowonjezeredwa mphamvu yonyamula data. Mafunde akakhala abwino, EDGE imaika ma bit 3 m'chizindikiro chimodzi ndipo mpata umodzi umapereka mpaka 59.2 kbps. Mafunde akafooka imabwerera ku bit imodzi, imachulukitsa zoteteza, ndipo mpata womwewo umatsika kufika pa 8.8 kbps. Foni yopatsidwa mipata 4 ikhoza kupeza 236.8 kbps pafupi ndi nsanja koma 35.2 kbps m'mudzi wakutali, chilembo chili E yemweyo.

Pa 4G, yomwe TNM idayambitsa mu 2016 ndipo Airtel mu 2018, manambala ndi aakulu koma masamu ake ndi omwewo. Mpata wa 20 MHz umagawidwa m'tinjira 1,200, ndipo kanjira kalikonse kamatumiza zizindikiro 14,000 pa sekondi, zonse pamodzi 16.8 miliyoni. Pa ma bit 6 chizindikiro chilichonse, liwiro ndi 100.8 Mbps. Pafupifupi gawo limodzi mwa anayi limapita ku zowongolera ndi zoteteza, n'kutsala 75 Mbps. Nsanja ndi foni zikagwiritsa ntchito ma antenna awiri nthawi imodzi zimafika 150 Mbps, nambala yomwe imalembedwa pa mabokosi a ma router ambiri. Kumalire kwa dera la nsanja, kumene chizindikiro chimanyamula ma bit 2 okha ndipo ambiri mwa iwo ndi oteteza, liwiro limatsika kangapo. Komanso 150 Mbps ija ndi ya onse olumikizidwa ku mbali imeneyo ya nsanja, monga mjigo umodzi umene mudzi wonse umatungapo. N'chifukwa chake foni yomweyo, pa malo omwewo pa Nsaru kapena pa Kabudula, ikhoza kuthamanga m'mamawa koma n'kumakwawa tsiku la msika.

Mapaketi ndi mitu yake

Ma bit akapulumuka mumlengalenga amakumananso ndi kuchotsera kwina. Pa intaneti fayilo siyenda yathunthu. Imadulidwa m'mapaketi, ndipo paketi iliyonse imavekedwa mutu, womwe ndi ma byte olemba kumene ikuchokera, kumene ikupita ndi malo ake pamzere. Malamulo amene makina amagwirizana pa zimenezi amatchedwa protocol, ndipo alipo angapo osanjikizana. Iliyonse imatenga zimene yalandira kuchokera pamwamba ngati katundu, n'kuwonjezerapo mutu wake. Mutu ndi katundu pamodzi ndi zimene akatswiri amazitcha PDU.

Kawirikawiri paketi ya intaneti sipitirira ma byte 1,500. Mwa amenewa, 20 ndi mutu wa IP, womwe uli ndi ma adiresi, ndipo 20 ena ndi mutu wa TCP, womwe umaonetsetsa kuti mapaketi afika onse ndiponso mwa dongosolo. Katundu amatsala ndi ma byte 1,460. Paketiyo ikamayenda pa nthambo ya Ethernet, monga m'chipinda cha makompyuta pa sukulu kapena pa chipatala, pamawonjezekanso ma byte 38: 8 otsegulira, 14 a mutu, 4 oyesera zolakwika ndi 12 a kampata kosiyanitsa paketi ndi inzake. Choncho pa ma byte 1,538 alionse odutsa pa nthambo, 1,460 ndiwo data, zomwe ndi 94.9 pa 100. Nthambo ya 100 Mbps singapereke zoposa 94.9 Mbps, kapena kuti 11.9 MB pa sekondi, ngakhale zonse zitayenda bwino.

Mwachitsanzo, wophunzira wa Folomu 4 ku Namitete akufuna kutsitsa fayilo ya mapepala a mayeso akale a MSCE ya 5 MB. Imeneyi ndi ma byte 5,000,000, kapena ma bit 40,000,000. Pogawa ndi 1,460 pamapezeka mapaketi 3,425. Mitu yawo, ya ma byte 40 uliwonse, ikukwana ma byte 137,000, ndipo zonse pamodzi ndi ma byte 5,137,000. Foni nayo imayankha kuti yalandira, nthawi zambiri kamodzi pa mapaketi awiri, ndipo mayankhowo amatenga ma byte ena pafupifupi 68,000 kulowera ku nsanja. Pa liwiro la 2 Mbps fayiloyo itsika m'masekondi pafupifupi 21. Pa EDGE yabwino ya 236.8 kbps itenga pafupifupi mphindi 3. Pa EDGE yofooka ya 35.2 kbps itenga mphindi zoposa 19, ndipo apo n'kuti netiweki sinadukepo.

Chitsanzochi chikusonyeza chinthu chimene ambiri sachiyembekezera. Pa fayilo yaikulu, mitu ya mapaketi siwononga zambiri, ndi magawo atatu kapena anayi pa 100. Chimene chimasiyanitsa masekondi 21 ndi mphindi 19 ndi mphamvu ya mafunde ndi kuchuluka kwa anthu pa nsanja.

Kuchokera pa nsanja kupita kunyanja

Nsanja nayo imayenera kutumiza zimene yalandira, kudzera pa mafunde a microwave kapena pa nthambo za fibre. Muyeso wakale wa njira zimenezi, wogwiritsidwa ntchito ku Ulaya ndi ku Africa, ndi E1, ya 2.048 Mbps. Ili ndi mipata 32 ya 64 kbps uliwonse. Mpata umodzi ndi wosunga dongosolo, wina ndi wa zizindikiro zoimbira ndi kudula foni, ndipo 30 otsalawo, omwe akukwana 1.92 Mbps, ndiwo amanyamula mawu. Pa nthambo za fibre, muyeso wa STM-1 uli ndi 155.52 Mbps koma malo a katundu ndi 149.76 Mbps. Gigabit Ethernet ya pa fibre imatumiza ma bit 10 pa ma bit 8 alionse a data, choncho kuwala kumaphethira ka 1.25 biliyoni pa sekondi kuti papezeke 1 Gbps.

Dziko la Malawi lilibe gombe la nyanja yamchere, ndipo data yopita kunja imadutsa m'maiko oyandikana nawo monga Tanzania ndi Mozambique isanalowe m'nthambo za pansi pa nyanja ngati SEACOM, yomwe idayamba kugwira ntchito mu 2009, ndi EASSy ya mu 2010. Utali wa ulendowu umakhudza liwiro mwa njira ina. TCP imatumiza mulu wa ma byte n'kudikira yankho isanapitirize. Mwa malamulo ake oyambirira muluwo sunkapitirira ma byte 65,535. Pa satelayiti yokhala makilomita 35,786 kumwamba, kumene kupita ndi kubwera kumatenga pafupifupi masekondi 0.6, fayilo imodzi sinkatha kutsika mopitirira 109 kB pa sekondi ngakhale njirayo ikanakhala yaikulu chotani. Makompyuta a masiku ano amakulitsa muluwo, komabe tsamba losungidwa ku London limachedwa kuyamba kutseguka kuposa losungidwa ku Lilongwe.

Bandulo

Bandulo imayesa kuchuluka, osati liwiro. Ubale wa ziwirizi ndi nthawi: 1 GB ndi ma bit 8 biliyoni, ndipo pa 10 Mbps mosalekeza imatha m'masekondi 800, omwe ndi mphindi 13 ndi masekondi 20.

Pali chisokonezo chaching'ono pa mawu akuti kilo, mega ndi giga. Poyesa liwiro, kilo nthawi zonse ndi 1,000. Poyesa mafayilo, mapulogalamu ena amawerenga kilo ngati 1,024, ndipo pa mulingo wa giga kusiyanaku kumakula: ma byte 1,000,000,000 mbali ina, 1,073,741,824 mbali inayo, kusiyana kwa magawo 7 pa 100. Mu 1998 bungwe la IEC lidakhazikitsa mayina atsopano, KiB, MiB ndi GiB, oimira kuwerenga kwa 1,024, koma sadazolowereke kunja kwa akatswiri.

Makina owerengera data a makampani a mafoni kawirikawiri amawerenga mapaketi a IP athunthu, mutu ndi katundu yemwe, otsika ndi okwera omwe. Ma bit oteteza a mumlengalenga sawerengedwa, koma paketi ikatayika n'kutumizidwanso ndi TCP imatha kuwerengedwa kawiri. Fayilo ya 5 MB ija imadya pafupifupi 5.2 MB ya bandulo. Fayilo ikaduka pakati n'kuyambiranso pachiyambi, zomwe zidatsika kale zimakhala zalipiridwa, ndipo kumeneku ndi kumene anthu a kumadera a netiweki yofooka amaluza kwambiri.

Dandaulo lofala ndi lakuti bandulo imatha msanga pa 4G kusiyana ndi pa 3G. Fayilo yomweyo imadya data yofanana pa netiweki zonse ziwiri. Chimasintha ndi kanema. YouTube, Facebook ndi TikTok zimayesa liwiro la netiweki n'kusankha zokha kanema wowala kwambiri zikaona kuti njira ndi yotakata. Kanema wa 1 Mbps amadya 450 MB pa ola, pamene wa 3 Mbps amadya 1,350 MB pa ola lomwelo, ndipo pa galasi laling'ono la foni kusiyana kwake sikuoneka kwenikweni. Kutsitsa mulingo wa kanema m'makonzedwe a pulogalamu kumapulumutsa data yambiri kuposa china chilichonse chatchulidwa pamwambapa. Madandaulo okhudza kawerengedwe ka data amapita ku kampani, ndipo akapanda kuthetsedwa amapita ku MACRA, bungwe loyang'anira za mauthenga lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998.

Mauthenga aafupi

Mitu ya mapaketi imalemera pamene katundu ali wochepa. Poimba foni kudzera pa intaneti, mawu sangadikire kuti paketi idzaze, choncho amatumizidwa m'tizidutswa, kawirikawiri 50 pa sekondi. Kachidutswa kalikonse kamavala mitu ya IP, UDP ndi RTP, ya ma byte 40 pamodzi, ndipo mitu yokhayo imadya 16 kbps. Njira yopanikiza mawu ya G.729 imapanga 8 kbps, ma byte 20 m'paketi iliyonse, kotero kuti mutu umaposa katundu kawiri ndipo liwiro lofunika ndi 24 kbps. Pa mphindi imodzi ya kucheza, mbali zonse ziwiri, pamadutsa 360 kB, koma mawu ndi 120 kB okha. Pofuna kuchepetsa zimenezi, netiweki za 4G zili ndi njira yotchedwa ROHC yomwe imafinya mutu wa ma byte 40 kufika pa ma byte atatu kapena ochepera pakati pa foni ndi nsanja.

SMS ili ndi masamu akeake. Uthenga umodzi uli ndi malo a ma byte 140, omwe ndi ma bit 1,120. Zilembo wamba zimalembedwa ndi ma bit 7 chilichonse, ndipo 1,120 kugawa ndi 7 ndi 160, nambala yodziwika ya zilembo za SMS. Uthenga ukatalika umadulidwa, ndipo chidutswa chilichonse chimataya malo ena kuti chinyamule mutu wolumikizira, n'kutsala ndi zilembo 153. USSD, yomwe Airtel Money ndi TNM Mpamba zimagwiritsa ntchito pa mafoni a mabatani, imawerenga zilembo mwa njira yomweyo ndipo imafika 182 pa uthenga umodzi. N'chifukwa chake mawu a pa menyu ya ndalama amakhala odukaduka.

Mndandanda wa zilembo za ma bit 7 udapangidwira zilankhulo za kumadzulo kwa Ulaya. Uli ndi é, ñ ndi ü, koma mulibe ŵ, chilembo chimene ena amalemba m'mawu ngati Malaŵi ndi Chicheŵa. Chilembo chimodzi chokha chosapezeka pa mndandandawo chikalowa mu uthenga, kaya ndi ŵ kaya kachithunzi ka nkhope yoseka, uthenga wonse umasinthira ku njira ya ma bit 16 pa chilembo. Malo a ma bit 1,120 aja amangokwana zilembo 70, ndipo mu uthenga wodulidwa zimatsika kufika pa 67. Mafoni ena amapewa zimenezi posintha okha ŵ kukhala w. Pa mafoni amene sasintha, mlembi wa kalabu ya alimi ku Nambuma akalemba uthenga wa zilembo 150 woitanira anzake ku msonkhano amalipira SMS imodzi kwa munthu aliyense, koma akaikamo ŵ mmodzi amalipira zitatu.